Kafukufuku Akatha, Eni Mawu Amve Kaye

Anthu a kumudzi anawazolowera alendo obwera pa galimoto, kope m'manja, kachipangizo kojambulira mawu pambali. Amakhala pamphasa, amafunsa kwa ola lathunthu, amathokoza n'kunyamuka. Zimene mayi wa ku Kasinje kapena ku Tsangano m'boma la Ntcheu ananena tsikulo zimakalembedwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, n'kumasuliridwa m'Chingerezi, ndipo mwini wake sazimvanso.

Pa ulendo umenewu mawu amasintha. Mayi akati "anamwino anandikalipira", wolemba akhoza kuika kuti anachitidwa nkhanza, pamene iye amanena za kudzudzulidwa chifukwa chofika mochedwa, ndipo mwiniwakeyo sanaonepo cholakwika. Akati "tinathandizidwa ndithu", lipoti limati anakhutira, chonsecho "ndithu" ameneyo unali ulemu chabe. Kafukufuku wowerenga manambala ali ndi masamu omulondera. Wodalira zoyankhula za anthu alibe, n'chifukwa chake akatswiri awiri a ku America, Yvonna Lincoln ndi Egon Guba, analemba mu 1985 kuti wofufuza azibwerera kwa amene anawafunsa, kuwauza zimene wapeza ndi kufunsa ngati wamva bwino. Pa Chingerezi amati member checking.

Ntcheu inaonako m'bale wake wa njira imeneyi. Bungwe la CARE linayambitsa ku Malawi kuno mu 2002 ndondomeko yotchedwa Community Score Card, ndipo kuyambira 2012 mpaka 2014 inayesedwa m'boma lino pa uchembere wabwino. Madera a zipatala 20 anagawidwa pawiri: 10 anatsata ndondomekoyi, 10 ayi. Amayi, abambo ndi achinyamata ankakhala m'magulu awoawo, kutchula mavuto, n'kupatsa chipatala chawo malikisi. Ogwira ntchito m'chipatala nawo ankadzipatsa awo. Kenako mbali zonse zinkakumana pamaso pa akuluakulu a zaumoyo m'boma, malikisi n'kuikidwa poyera, aliyense n'kufotokoza chifukwa chake. Pakapita miyezi 6 ankabwerezanso. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya sayansi ya PLOS ONE: m'madera amene anatsata ndondomekoyi, kuyendera amayi oyembekezera kwa ogwira ntchito zaumoyo m'midzi kunakwera ndi 20 peresenti poyerekeza ndi madera enawo. Kumeneko zimene anthu ananena sizinapite pa galimoto osabwerera.

Koma tisanamizane, kubwerera kokha sikokwanira. Mlendo wophunzira akaimirira n'kuwerenga zimene wapeza, ndani kwathu kuno angamutsutse pagulu? Anthu amagwedeza mutu, "eya, n'momwemo", msonkhano n'kutha. Ndipo ku Ntcheu nkhani ya kubereka ili ndi malamulo ake. Boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, ndipo Mfumu Yaikulu Kwataine inatchuka dziko lonse polimbikitsa kuti amayi aziberekera kuchipatala, mpaka mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anaisankha kutsogolera ntchito ya uchembere wabwino. M'midzi yambiri wochilira pakhomo amalipira chindapusa. Tsono mayi amene anauza wofufuza mwamseri kuti anachilira kunyumba chifukwa chosowa ndalama ya ulendo, angavomere mawu amenewo amfumu ali pampando? Adzakana, ndipo wofufuza wosasamala adzafufuta choonadi poganiza kuti akukonza cholakwika.

Ofufuza odziwa ntchito yawo amabwerera mochenjera. Amapatula amayi paokha, atsikana paokha, popanda amfumu, anamwino kapena apongozi. Sapereka pepala, pakuti si onse amawerenga. Amafotokoza pakamwa m'Chichewa cha kumeneko. M'malo mofunsa kuti "kodi n'zoona?", amafunsa kuti "nanga tasiya chiyani?" Samabwereza mawu a munthu ndendende, chifukwa pamudzi aliyense amadziwa yemwe anataya mwana chaka chatha ndi yemwe anakangana ndi dokotala.

Ndipo anthu akatsutsa, wofufuza sangofufuta. Mwina analakwitsadi. Mwina mankhwala amene ankasowa nthawi ija tsopano alipo, kapena mayiyo wachita manyazi kumva mawu ake m'kamwa mwa wina. Kusiyanako nako kumalembedwa mu lipoti.

Chovuta china ndi mafuta a galimoto. Ulendo wobwererawu umadza kumapeto kwa ntchito, ndalama zitatsala pang'ono, ndipo ukagwera nthawi ya mvula, misewu yafumbi yolowera m'midzi imakhala yovuta kudutsa.