Mafuta obisala mu utsi wa nkhuni

Aliyense amene anadutsapo pa uvuni wa makala ukufuka anaona kale theka la ntchito yanga. Nkhuni zikatenthedwa pamalo opanda mpweya wokwanira sizinyeka n'kukhala phulusa. Zimasiya makala, zina zonse n'kuthawa ndi utsi. Wowotcha makala amafuna chotsalacho, ife timafuna utsiwo. Ukauziziritsa umasanduka madzi okhuthala, oderapo, onunkha utsi mpaka m'zovala. Amenewo ndiwo mafuta otchedwa bio-oil, ndipo njira yake timati pyrolysis.

Nkhani yagona pa changu. Uvuni wadothi umatha masiku, n'chifukwa chake umabala makala. Ife timatenga utuchi wouma bwino, timibulu tosapitirira mamilimita 3, n'kuusakaniza ndi mchenga wotentha madigiri pafupifupi 500 m'chitsulo chosalowa mpweya. Nthunzi yake iyenera kutuluka pasanathe masekondi 2 kuti ikazizire, monga amachitira otcheza kachasu. Ikangochedwa imapitiriza kusweka, n'kukhala gasi wosabwereranso kumadzi. Zikayenda bwino, makilogalamu 100 a utuchi amapereka mafuta okwana pafupifupi 70. Makala ndi gasi zotsalazo timasonkhezera moto wotenthetsa mchenga womwewo.

Koma chonde, musawathire m'galimoto. Si dizilo, ndipo sasakanikirana ndi dizilo. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi madzi, muli asidi wodya thanki yachitsulo wamba, ndipo mphamvu ya kilogalamu imodzi sifika theka la ya dizilo. Akakhalitsa amalimba. Ndimanena izi poyera chifukwa luso labwino limafa msanga likalonjezedwa zimene silingathe.

Pamene amagwira bwino ndi m'mafakitale ofuna moto wambiri. Fakitale yopanga mafutawa ya Empyro ku Hengelo, m'dziko la Netherlands, inayamba mu 2015, ndipo mafuta ake anapita kukatenthetsa maboila a fakitale ya mkaka. Ku Gävle, ku Sweden, utuchi wa pamalo ochekera matabwa unayamba kusandutsidwa mafuta okayengedwa pamodzi ndi mafuta apansi.

Ndikaganiza za utuchi wotsala pocheka matabwa a paini ku Chikangawa, mtima umandiuza kuti poyambira tili napo. Koma makina a pyrolysis ndi odula, ndipo amafuna utuchi tsiku lililonse osadukiza. Choncho aimikidwe pamene zinyalala za matabwa zilipo kale zambiri. Kugwetsa mitengo yachilengedwe kuti tidyetse makina otere, ine sindingavomereze.