Eriyo ya Ndodo kapena ya Yagi: Kutchera Khutu ku Luchenza

Pa boma la Mulanje sipadutsa njanji. Wokonda sitima amapita ku Luchenza, kutsidya kwa Thuchila, kumene kumadutsa njanji yochokera ku Nsanje imene inafika ku Blantyre mu 1908. Ku America anthu a chidwi chomwechi amagula kawailesi kotchedwa scanner n'kumamvetsera oyendetsa sitima akulankhulana pakati pa 160 ndi 162 MHz. Mkangano wawo wosatha ndi wa eriyo, ndipo ife a kuno tikuudziwa kale, poti takhala tikumangirira mawaya pa nsungwi kuti wailesi ileke phokoso.

Eriyo ya ndodo ndi imene imabwera ndi wailesi. Imakoka mawu kuchokera mbali zonse, imalowa m'chikwama, siifuna mmisiri. Chinsinsi chake ndi utali: pa 160 MHz ndodo yoyenera ndi ya masentimita pafupifupi 47, pamene FM imafuna pafupifupi 75. Kaeriyo kaja kakafupi kokutidwa ndi labala n'kolimba, koma kumva kwake n'kwa pafupi basi. Mutaima pa siteshoni, ndodo ikukwanirani.

Ya Yagi ndi ija yooneka ngati minga ya nsomba, yomwe tinkaiona pa madenga ma dishi asanachuluke. Anaitulukira Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi ku Japan mu 1926, ngakhale dzina limene linatchuka ndi la Yagi yekha. Iyi imamva kwambiri kumene mwailozetsa, za kumbuyo ndi m'mbali imazimva mwapansipansi. Kwa munthu wa mumzinda wozunguliridwa ndi njanji, limeneli ndi vuto. Kwa munthu wa ku Chitakale kapena ku Chonde ndi mwayi, chifukwa njanji yonse ili kumadzulo. Mungoilozetsa ku Luchenza kamodzi, n'kuimanga zolimba.

Mtengo wake si ndalama zokha. Imafuna nsungwi yaitali ndi waya wa coax, ndipo waya akatalika amadya mawu m'njira. Mvula ya kuno ndi chinyontho cha chiperoni zimalowa polumikizira ngati simunakulunge bwino ndi tepi. Palinso mphenzi: kukayamba kugunda, zulani waya ku wailesi.

Phiri la Mulanje ndilo siligonjera eriyo iliyonse. Mafunde a mtundu umenewu amayenda molunjika, ndipo nsonga ya phirili, Sapitwa, ndi mamita 3,002. Wokhala kuseri kwa phiri asataye ndalama poganiza kuti Yagi iboola thanthwe. Ngakhale kwa ena onse, kukweza eriyo pamwamba pa denga nthawi zambiri kumathandiza kuposa kugula yodula.

Musanatchere khutu ku zokambirana za ogwira ntchito pa njanji, funsani kaye a MACRA, poti ndiwo amayang'anira mafunde a wailesi m'dziko muno. Akakulolani, inu omvera muli pakhomo ku Mulanje gulani Yagi. Ndodo isungireni tsiku lokwera minibasi ya ku Luchenza.