Kodi mumadziwa? Za zilembo ndi zinenero ku Chiuaula

Kodi mumadziwa kuti pa msika wa Chiuaula, mu mzinda wa Lichinga m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, munthu akhoza kufunsa mtengo wa nyemba m'Chiyao, kunenerera m'Chinyanja, kulandira chenje m'Chimakua, koma akangofika pa ofesi ya boma zonsezo zimatsala panja? Pepala limamva Chipwitikizi chokha. Mayi amene amawerengetsera ndalama za mbatatesi pamtima osaphonya ngakhale kakobiri, pamenepo amangopereka chala kuti adinde.

Mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 1,300, n'chifukwa chake mwezi wa June umaluma. Apwitikizi anaukhazikitsa mu 1931 n'kuutcha Vila Cabral. Dzina loti Lichinga linabwera ufulu utapezeka.

Kodi mumadziwa kuti pamene Mozambique inkalandira ufulu mu 1975, anthu pafupifupi 93 pa 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga? Atsamunda anakhala zaka zambirimbiri m'dzikomo, koma sukulu ya mwana wachikuda anaisiya m'manja mwa mishoni, ndipo ambiri ankangolawa makalasi oyambirira n'kubwerera kumunda. Mu 1978 boma la Samora Machel linayambitsa kampeni yadziko lonse yophunzitsa akuluakulu. Ankaphunzira m'mafakitale, m'midzi, kwa asilikali, ena pansi pa mtengo. Pofika kalembera wa 1980, chiwerengero chija chinali chitatsika kufika pa 72.

Koma panali mfundo imene inavuta kumasula. Maphunziro onsewo anali m'Chipwitikizi, poti atsogoleri ankati ndicho chinenero chogwirizanitsa mtundu. Tangoganizani agogo a ku Sanga, ku Niassa komweko, amene moyo wao wonse akhala akuyankhula Chiyao, akuuzidwa kuti agwire pensulo koyamba, ndipo mawu oyamba kulemba akhale a chinenero chimene sanalotepo m'tulo. Kumeneko n'kusenzetsa munthu mitolo iwiri tsiku limodzi. Ambiri anatula panjira. Kenaka nkhondo yapachiweniweni inadzamaliza zotsala: sukulu kutenthedwa, aphunzitsi kuthawa, mpaka pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992.

Kodi mumadziwa kuti mu kalembera wa 1997 osadziwa kuwerenga anali 60 pa 100, ndipo mu 2017 anali 39? Kutsikako n'koona. Koma mukawagawa, mupeza kuti mwa amayi ndi pafupifupi theka, pamene mwa abambo sakwana atatu pa khumi. Zigawo zakumpoto, Niassa pamodzi ndi Cabo Delgado ndi Nampula, ndizo zili m'mbuyo kuposa Maputo.

Ndipo kalembera yemweyo wa 2017 anapeza kuti Chipwitikizi ndi chinenero chobadwa nacho cha anthu osakwana 17 pa 100. Chimakua chili patsogolo ndi 26, Chinyanja chathuchi chili ndi 8.

Kodi mumadziwa kuti bungwe lina logwira ntchito ku Niassa linalandira mphoto ya UNESCO kawiri? Ndi Associação Progresso, bungwe la anthu a ku Mozambique eniake, lokhazikitsidwa mu 1992, limene linasankha kugwira ntchito ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, kutali ndi likulu. Iwo anachita chinthu chooneka chaching'ono: anasindikiza mabuku ophunzirira m'zinenero za anthu, monga Chiyao, Chinyanja, Chimakua, Chimakonde ndi Chimwani, kuti munthu ayambe wadziwa zilembo m'mawu a pakamwa pake, Chipwitikizi chibwere pambuyo. Mphoto yoyamba inabwera mu 2005. Yachiwiri, mu 2015, inali ya pulogalamu yophunzitsa kuwerenga m'zinenero zakumudzi pofuna kuti amayi asatsalire, ndipo dzina la mphotoyo ndi King Sejong.

Dzina limeneli lili ndi nkhani yake. Sejong anali mfumu ya ku Korea imene mu 1443 inakonza zilembo zatsopano chifukwa anthu wamba ankalephera zilembo za Chitchaina zimene ophunzira ankanyadira nazo. Vuto la agogo a ku Sanga, mfumu imeneyo inaliona kale zaka zoposa 500 zapitazo.

Kodi mumadziwa kuti Chinyanja ndi chimodzi mwa zinenero ziwiri zimene boma la Mozambique linayesera poyamba pophunzitsa ana m'chinenero chao? Kuyesako kunachitika kuyambira 1993 mpaka 1997, Chinyanja ku Tete ndi Chishangana ku Gaza, m'pulojekiti yotchedwa PEBIMO. Zotsatira zitakoma, mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu za boma. Mukatenga buku la kumeneko musadabwe kuona "Cinyanja" ndi "Ciyao". Si kulakwitsa kwa osindikiza ayi. Akatswiri a zinenero atakumana ku Maputo mu 1988 anagwirizana kuti c yekha akwanira pamene ife timalemba ch. Mmalawi amati akaona "cakudya" amayamba wapukusa mutu, koma akawerenga mizere iwiri wazolowera.

Kodi mumadziwa kuti buku lodziwika kwambiri la mbiri ya Ayao linalembedwa kufupi ndi Lichinga? Analilemba ndi wansembe wa Anglican, Yohanna Barnaba Abdallah, amene anatumikira zaka zambiri ku Unango, kumpoto kwa mzindawu. Bukulo, Chiikala cha Wayao, linatuluka mu 1919 m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Lero ku Unango kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Lúrio.

Chingerezi, ndiye kuti, si mlendo wadzulo ku Niassa. Chinafika pamadzi. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, n'kumatsegula timasukulu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kutsidya la kum'mawa, mpaka ku Messumba pafupi ndi Metangula. Mmodzi mwa iwo, William Percival Johnson, anayenda gombe limenelo zaka zoposa 40 ndipo anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja. Sitima yao, Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inali tchalitchi komanso sukulu yoyandama: anyamata ofuna uphunzitsi ankaphunzirira m'menemo mafunde akugunda. Mishoni yomweyo ndiyo inachititsa kuti Likoma ndi Chizumulu zikhale za Malawi, ngakhale munthu ataima ku Cóbuè, pagombe la Mozambique, amaiona Likoma ngati khomo loyandikana nalo.

Pali zilembo zina zimene timaziiwala tikamawerenga ophunzira. Asanafike amishoni, mafumu a Chiyao monga Mataka ndi Makanjira anali ndi alembi olemba makalata m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Mpaka lero, ana ambiri a ku Lichinga amapita ku madrasa. Bambo amene amawerenga Korani bwinobwino kuchokera kumanja kupita kumanzere, n'kumutcha mbuli chifukwa sadziwa kulemba fomu ya Chipwitikizi, ine ndimati n'kumulakwira.

Kodi mumadziwa kuti maiko onse asanu ndi limodzi ozungulira Mozambique amagwiritsa ntchito Chingerezi m'boma kapena m'sukulu? Awerengeni: Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini. N'chifukwa chake mu 1995 Mozambique inalowa m'bungwe la Commonwealth, dziko loyamba kulowamo lisanalamulidwepo ndi Britain. Kwa munthu wa ku Chiuaula, nkhaniyi si ya ndale zapamwamba. Chipata cha Mandimba ndi Chiponde chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150, pamene Maputo ili kutali moti ulendo wapamsewu umadya masiku. Katundu wambiri wa pamsika, mankhwala, mafoni, mapaketi a mbewu, amabwera atalembedwa m'Chingerezi.

Ndipo ambiri amene amachiyankhula kumeneko sanachiphunzire mwa kufuna kwao. Pa nthawi ya nkhondo ija, anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira ku Malawi. Ana ao analowa sukulu za kuno, ena m'misasa ya othawa kwao, n'kubwerera atadziwa Chichewa ndi Chingerezi koma Chipwitikizi chikuwazunguza. Mukakumana ndi bambo wa zaka za m'ma 40 ku Lichinga amene akukupatsani moni m'Chingerezi chomveka ngati cha ku Mangochi, musafunse zambiri.

Wofuna Chingerezi cha m'kalasi amachipeza ku sekondale. Boma linatsegulanso Instituto de Línguas ku Maputo mu 1979, ndipo anthu odzipereka a Peace Corps a ku America anayamba kufika m'dzikomo mu 1998 kudzaphunzitsa chinenerochi. Ku Lichinga kuli nthambi ya Universidade Rovuma, imene inabadwa mu 2019 kuchokera ku yunivesite yakale yophunzitsa aphunzitsi. Koma zonsezi zimathandiza amene anaoloka kale. Mayi wa mbatatesi uja akadali kutsidya.

Kodi mumadziwa kuti zimene ku Malawi timati sukulu za kwacha, kumeneko amangoti AEA? Ndi chidule cha Alfabetização e Educação de Adultos. Pulogalamu ya Malawi yomwe ilipo lero inayamba mu 1986, ndipo mavuto a mbali ziwirizi ndi apachibale: aphunzitsi ake ndi ongodzipereka, amalandira kangachepe, kangachepeko nakonso kamachedwa, ndipo dzinja likafika kalasi imathera kumunda. Abambo amachita manyazi kukhala pa benchi limodzi ndi akazi ao, motero ambiri odzaza makalasiwa ndi amayi.

Wailesi ya Rádio Moçambique ku Niassa imaulutsa m'Chiyao, m'Chinyanja ndi m'Chimakua kuphatikiza pa Chipwitikizi, ndipo boma linayesapo kuphunzitsa kuwerenga kudzera pa wailesi m'pulogalamu ya Alfa-Rádio.

Tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga padziko lonse ndi 8 September, ndipo UNESCO inalikhazikitsa mu 1966. Inu musadikire tsikulo. Ngati kwanu kuli wina amene amakupatsani foni kuti mumuwerengere uthenga wa ndalama, kamufunsireni pa sukulu ya pulayimale yapafupi kumene kalasi ya AEA kapena sukulu ya kwacha imakumana, ndipo tsiku loyamba mumuperekeze.