Chogwirira injini ya ndege zoseweretsa: chifukwa chake aluminiyamu wa miphika sagwira ntchito

M'mayiko monga South Africa, Germany ndi United States muli anthu amene amapanga ndege zazing'ono n'kumaziulutsa ali pansi ndi rimoti. Amazitcha zoseweretsa, koma zina si za ana ayi. Mapiko ake amapitirira mamita awiri, ndipo kutsogolo kumakhala injini ya petulo ya 50cc kapena kuposa, yofanana kukula ndi ya njinga yamoto yaing'ono. Injiniyo imazungulitsa pulopela yotalika kupitirira theka la mita, maulendo 6,000 kapena 7,000 pa mphindi imodzi. Ikazuka pamalo pake ndege ili m'mwamba, ndege yonse imaphwasuka. Ikazuka pansi, pamene mwiniwake akuiliza, imatha kudula zala za munthu.

Chimene chimaletsa ngoziyi ndi kachitsulo kamene anthu ambiri sakaona n'komwe, chogwirira injini, chimene amakaniko a kuno amachitcha suporte pa Chipwitikizi. Chimalumikiza injini ku thabwa lolimba la kumutu kwa ndege. Nthawi zambiri chimakhala timipiringidzo tinayi ta aluminiyamu tobooledwa pakati, kapena kachitsulo kaphanthiphanthi ka mabowo.

Makampani opanga injinizi, monga DLE ya ku China ndi Desert Aircraft ya ku Arizona, amagulitsanso zogwirira. Vuto limabwera pamene utali wake sukugwirizana ndi mutu wa ndegeyo, kapena pamene munthu watenga injini ya macheka odulira mitengo kapena ya makina otchetchera udzu n'kuisandutsa ya ndege. Injini yotere ilibe chogwirira chogula m'sitolo. Pamafunika kupita ku ofisina kwa mmisiri wosema zitsulo, uja amatchedwa torneiro, kuti apange chatsopano.

Amasankha aluminiyamu chifukwa cha kupepuka. Chitsulo wamba chimalemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu wa kukula kofanana, ndipo ndege yolemera kumutu siuluka bwino. Koma aluminiyamu alipo wamitundu yambiri. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zogwirirazi ndi wolembedwa 6061-T6. Nambala ya 6061 ikutanthauza kuti anamusakaniza ndi magnesium ndi silicon pang'ono, ndipo T6 ikusonyeza kuti anamutenthetsa ndi kumuziziritsa mwadongosolo kufakitale kuti alimbe. Ngakhale aluminiyamu wa fakitale ya Mozal, imene inayamba ntchito mu 2000 kufupi ndi Maputo, ankatuluka ngati zibuma zoti zikakonzedwenso. Sangangomutenga n'kusemapo chogwirira cholimba.

Apa ndi pamene munthu wofuna kupulumutsa ndalama amasochera. M'misika yathu muli amisiri aluso amene amasungunula zitini, mapisitoni akutha ndi ziwiya zakale n'kuthira m'chikombole cha mchenga, kutuluka miphika yabwino imene imakhala zaka. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, choncho moto wa makala wopemereredwa bwino umakwanira. Mphikawo suvuta chifukwa ntchito yake ndi kukhala pamafuwa. Koma mkati mwa aluminiyamu wothiridwa chotere mumatsala timabowo ta mpweya ndi zinyalala zosaoneka ndi maso, ndipo palibe amene akudziwa chimene chinasakanizikamo. Injini ya silinda imodzi imagwedeza chogwirira pa kuzungulira kulikonse. Aluminiyamu ali ndi khalidwe lakuti akamagwedezeka mobwerezabwereza amatopa, mng'alu umayambira pa kabowo kamodzi n'kumakula mwakachetechete mpaka tsiku limene chitsulo chimaduka osachenjeza.

Kuwotcherera nakonso si njira. Moto wowotcherera umafafaniza kulimba kuja kwa T6 pafupi ndi msoko, mwakuti mphamvu ya chitsulo pamalopo imatha kutsika ndi theka. N'chifukwa chake chogwirira chabwino chimasemedwa kuchokera ku chidutswa chimodzi, popanda msoko.

Mmisiri amapanga zimene wauzidwa, ndipo zolakwika zambiri zimachokera kwa wobweretsa ntchito. Kumuuza pakamwa kuti chikhale chotalika ngati chala sikuthandiza. Pamafunika chojambula papepala chokhala ndi miyeso ya mamilimita: mtunda wa pakati pa bowo ndi bowo pa injini, mtunda wa mabowo a pa thabwa, kukula kwa mabawuti, kaya ndi M5 kapena M6, ndiponso utali wochokera pa thabwa kufika kumbuyo kwa pulopela. Mtunda wa mabowo umayezedwa kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake, osati m'mphepete. Milimita imodzi ikasiyana, bawuti salowa, ndipo kukulitsa bowo ndi tupa kuti alowe mokakamiza kumangosiya mpata woti injini izivina. Njira yanzeru ndi kunyamula injini yeniyeniyo kupita nayo ku ofisina, komanso kuyamba ndi chitsanzo cha thabwa kapena katoni. Chikalakwika chitsanzo, chatayika ndi thabwa basi.

Pali kanthu kena kamene kamadabwitsa amisiri osazolowera ndege. Injini zambiri sizimangidwa moloza kutsogolo ndendende. Amaipendeketsa kumanja madigiri awiri kapena atatu kuti athane ndi mphamvu ya pulopela imene imakokera ndege kumanzere. Ndege zina zimabwera thabwa lake litapendekeka kale, ndiye timipiringidzo tonse tinayi tiyenera kufanana utali. Zina zimafuna kuti kupendekekako kukhale pa chogwirira. Mwini ndege akapanda kunena, mmisiri wosamala amawongola zonse bwinobwino poganiza kuti akuthandiza.

Ngodya zamkati zisakhale zakuthwa. Mmisiri azisiye zokhota pang'ono, poti mng'alu umakonda kuyambira pa ngodya yakuthwa. Mazinga a bawuti nawo amafuna chisamaliro: aluminiyamu ndi wofewa poyerekeza ndi bawuti wachitsulo, ndiye bawuti alowe kuya kosachepera kawiri kunenepa kwake, mamilimita 10 pa bawuti wa M5. Ambiri amakonda kuti bawuti adutse mbali ina n'kumangidwa ndi nati yokhala ndi nayiloni mkati, kapena amadontheza mankhwala omata mazinga monga Loctite.

Pa mtengo, nthawi yaikulu ya mmisiri imathera pokonza makina ndi kuyeza, osati posema. Kupangitsa zogwirira ziwiri tsiku limodzi kumatsika mtengo kusiyana ndi kubwerera kawiri.

Alimi a ku Angónia ndi Tsangano amene amathirira mbatata ndi ndiwo zamasamba ndi mapampu a petulo amadziwa kale mbali ina ya nkhaniyi: mabawuti omasuka okha, ndi felemu yong'aluka pafupi ndi bowo. Kusiyana kwake n'kwakuti pampu siuluka, choncho kulemera si vuto. Pa pampu kapena pa chigayo, chitsulo wamba chimaposa aluminiyamu, chifukwa n'chotchipa, chimapezeka pa msika uliwonse, ndipo chikang'aluka wowotcherera wa pa boma amachilumikiza tsiku lomwelo. Zofunika kubwereka kwa opanga ndege ndi kuyeza mabowo kuchokera pakati, kumanga ndi nati zosamasuka, ndi kupukuta mafuta kuzungulira mabawuti nthawi ndi nthawi. Fumbi lakuda kapena la dzimbiri likamatuluka pansi pa mutu wa bawuti, ndiye kuti zitsulo zayamba kukhuzana ndipo bawutiyo wamasuka kale.