Mapulateleti: momwe khansa ya m'chifu imapezera thandizo m'magazi anu

Mukadzicheka ndi mpeni, magazi amasiya kutuluka pakapita mphindi zochepa. Ntchito imeneyi ndi ya mapulateleti, tizidutswa ta m'magazi topangidwa m'mafuta a m'mafupa. Munthu wathanzi amakhala nato pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho ka magazi kotchedwa microlitre.

Koma m'chifu mukamera khansa, chotupacho chimatulutsa zinthu zochititsa thupi kupanga mapulateleti ambiri, kenako n'kuwagwiritsa ntchito.

Amathandiza bwanji khansa?

Choyamba, maselo a khansa akalowa m'mitsempha, mapulateleti amawakuta ngati bulangete, motero chitetezo cha m'thupi sichiwaona. Chachiwiri, amathandiza maselowo kumatirira m'mitsempha ndi kukakhazikika kwina, monga m'chiwindi. Chachitatu, amalimbikitsa timitsempha tatsopano todyetsa chotupacho.

Amachititsanso magazi kuundana m'mitsempha, mwendo n'kutupa ndi kuwawa. Dokotala wa ku France, Armand Trousseau, adafotokoza mgwirizano wa khansa ndi kuundana kwa magazi mu 1865. Iye mwini adamwalira ndi khansa mu 1867.

Kodi akachuluka ndiye kuti ndi khansa?

Ayi. Kuchepa kwa ayironi m'thupi ndi matenda ena obwera ndi tizilombo amawachulukitsanso, pamene malungo amawachepetsa. Nambalayi payokha siuza dokotala zonse. Khansa imatsimikizika polowetsa kachubu ka kamera m'chifu ndi kuyeza kanyama kotengedwa mmenemo.

Zoyenera kuchita

Musamangoti "ndi zilonda za m'mimba" n'kumagula mankhwala pagolosale. Ngati kumtunda kwa mimba kukuwawa kwa masabata angapo, mukukhuta msanga, mukuonda, mukusanza magazi kapena chimbudzi chikutuluka chakuda, pitani kuchipatala. Ngati muli ku Guilleme, yambani pa chipatala cha St. Michael's kapena cha boma ku Mchinji. Funsani za kuyeza magazi kotchedwa full blood count, komwe kumawerenganso mapulateleti. Pakafunika kutero, adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Funsaninso za kachilombo ka Helicobacter pylori, komwe kamayambitsa zilonda za m'mimba ndiponso khansayi. Kamachizika ndi mankhwala.

Pomaliza, musamwe asipirini pofuna kufooketsa mapulateleti popanda uphungu wa dokotala. Ngati m'chifu muli chilonda kapena chotupa, mankhwalawa angachititse kuti mutaye magazi ambiri mkati.