SUKULU YA LIWIRO: NJIRA YOPEZERA CIPHASO CA MPIKISANO WA MAGALIMOTO

RUSTENBURG. — Mzinda uwu, umene uli m'tsinde mwa mapiri a Magaliesberg m'cigawo ca North West ku South Africa, udziwika pa dziko lonse lapansi cifukwa ca mwala wa mtengo wapatali wochedwa platinum. M'caka ca 1924 katswiri wa za miyala, Dr. Hans Merensky, anazindikira mzere wa mwalawu ca kum'mawa kwa dzikolo, ndipo posakhalitsa mzerewo unalondoledwa kufikira ku Rustenburg. Lero mwa magawo 10 a platinum yense wokumbidwa pa dziko lapansi, magawo ngati 7 acokera ku South Africa. Gawo lalikuru la mwalawu lithera m'magalimoto, pakuti umaikidwa m'kacipangizo ka m'paipi ya utsi kamene kacepetsa ululu wa utsiwo. Motero munthu wotsikira pansi pa nthaka mbandakuca ku Rustenburg agwirira nchito magalimoto a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, ngakhale iye mwini apita ku mgodi pa basi.

Owerenga acikulire safuna kuuzidwa za migodi ya ku Joni. Akumbukira Wenela, akumbukiranso ndege imene inagwa ku Francistown m'caka ca 1974 ndi kupha anchito a ku Malawi oposa 70 amene anali kubwerera kwao, ndi mmene boma linaletsera kulemba anthu nchito pambuyo pa ngoziyo. Kulembako kunayambanso m'caka ca 1977, koma kunatheratu ca m'ma 1988. Ngakhale ziri tero, ulendo wa kum'mwera sunaleke. Anthu apitabe paokha, ndipo ana ao obadwira komweko akula ndi zokonda za anzao a m'dzikolo. Cimodzi mwa zokondazo ndico galimoto yothamanga.

Pakati pa Rustenburg ndi Pretoria pali mseu waukuru wa N4, wosalala ndi wokopa phazi la wacinyamata. Koma mseu umenewo ayendamo mabasi, malole a ku migodi ndi anthu apansi, ndipo m'miseu ya South Africa mumafa anthu oposa 10,000 caka ndi caka. Wothamangitsa galimoto pamenepo acita juga ndi miyoyo ya eni. Mnyamata wofunadi kudziwa ngati ali ndi luso la liwiro ali ndi njira ina, ndiyo yopita ku bwalo lochingidwa, kuphunzira, ndi kutenga ciphaso ca mpikisano.

MWINI ZIPHASO

Ciphaso cimeneci sicifanana ndi laisensi ya pa mseu, ndipo sicicokera ku boma. Ciperekedwa ndi bungwe la Motorsport South Africa, limene anthu angolichula kuti MSA, ndilo loyang'anira mipikisano ya magalimoto ndi njinga zamoto m'dzikolo ndiponso logwirizana ndi bungwe la dziko lonse la FIA. Wofuna ciphaso ayenera kuyamba walowa kalabu yobvomerezedwa ndi MSA, afotokoze za thanzi lace, alipire ndalama ya ciphaso pamodzi ndi ya insuransi, pakuti wobvulala pa bwalo amafuna cipatala ca msanga. Ziphaso ziri m'masitepe: ca kalabu, ca cigawo, ca dziko lonse, ndi ca maiko akunja. Munthu ayambira pansi nakwera monga mwa mipikisano imene watsiriza bwino, ndipo ciphasoco cimakonzedwanso caka ciri conse.

Maiko ena ali ndi miyambo yao. Ku Britain wophunzira ayesedwa mayeso ochedwa ARDS, olemba ndi oyendetsa, ndipo akapambana amamata cizindikiro ca mtanda wakuda pa cikasu kumbuyo kwa galimoto yace kufikira atatsiriza mipikisano 6, kuti akatswiri omdzera m'mbuyo adziwe kuti kutsogoloko kuli mlendo. Ku America kuli sukulu yochuka imene Skip Barber anaiyamba m'caka ca 1975.

Wa ku Rustenburg ayenera kuyenda ulendo woposa makilomita 100 kuti afike ku mabwalo ochuka. Limodzi ndilo Zwartkops, pafupi ndi Pretoria, la makilomita 2.4 kuzungulira kwace, kumene makampani monga BMW ndi Mercedes-Benz akhala akucititsa maphunziro a kuyendetsa mwa liwiro, ndiponso kumene makalabu acitira mipikisano yao. Lina ndilo Kyalami, ku Midrand, lotsegulidwa m'caka ca 1961, limene dzina lace m'Cizulu litanthauza kuti kwathu. Maphunziro a tsiku limodzi a makampani aja sapatsa munthu ciphaso paokha, koma ambiri alawira pamenepo.

KUIWALA ZA PA MSEU

Comwe cidabwitsa ophunzira pa tsiku loyamba ndico cakuti mphunzitsi sayamba ndi liwiro. Ayamba ndi mpando. Wophunzira akhale cifupi ndi ciongolero, zigongono zopindika pang'ono, manja onse awiri osacoka pamalo pace, msana wotsamira ndithu, cifukwa galimoto ikayamba kuterereka munthu ayamba kumva ndi msana maso asanaone. Kenaka aphunzitsidwa za maso. Woyendetsa wa pa mseu azolowera kuyang'ana pafupi ndi mphuno ya galimoto, koma wa pa bwalo ayang'ane kumene afuna kupita. Pamene alowa pokhota, maso ace akhale kale potulukira. Aphunzitsi anena kawirikawiri kuti manja atsata maso, kotero kuti woyang'anitsitsa khoma cifukwa ca mantha ndiye amakagunda khomalo.

Phunziro lalikuru koposa liri pa matayala. Galimoto yonse, ngakhale ikhale ndi injini yamphamvu motani, ikhudza phula pa timalo tinai tokha, kali konse kakukuru ngati cikhatho. Mphamvu ya tayala yogwira pansi iri ndi malire, ndipo ifanana ndi malipiro a pa mwezi: imene yathera pa mabuleki siingagwirenso nchito yokhota. Cifukwa cace wophunzira auzidwa kuponda mabuleki mwamphamvu galimoto ikali yolunjika, kumasula phazi pang'onopang'ono pamene apinda ciongolero, ndi kuonjezera moto pokhapokha ciongolero ciyamba kuwongoka. Ocita zonsezi nthawi imodzi azunguzika napezeka ali m'mcenga. Aphunziranso masamu ocepa koma oopsa, akuti liwiro likawirikizidwa kawiri, mtunda woimira uwirikizidwa kanai.

Pokhota pali ponse pali njira yace. Woyendetsa ayambira m'mphepete mwa kunja, adulira mkati nakhudza nsonga ya ngodya, ndi kutulukiranso kunja, kuti galimoto isapindike kwambiri. Cilakwa ca alendo onse ndico kudulira mkati msanga cifukwa ca phuma. Potuluka apeza kuti mseu watha. Mphunzitsi wokhala pa mpando wa pambali amabwereza mau amodzimodzi tsiku lonse, akuti lowa mofatsa kuti utuluke mwa liwiro, pakuti liwiro la potulukira ndilo limene munthu ayenda nalo mtunda wonse woongoka wotsatira. Palinso ca mpweya: mabwalo a ku Gauteng ali pamtunda wokwera mamita ngati 1,500 pamwamba pa nyanja yamcere, kumene mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda cipangizo copopera mpweya imataya ndithu gawo la mphamvu zace.

CINENERO CA MBENDERA

Pa bwalo palibe wapolisi kapena maloboti. Pali anthu oima m'mbali ndi mbendera, ambiri a iwo odzipereka osalipidwa, ndipo wosadziwa cinenero cao saloledwa kupikisana. Yacikasu inena kuti kutsogolo kuli ngozi, acepetse liwiro ndipo asapitirire mnzace. Yobiriwira inena kuti njira yayera. Yofiira iimitsa mpikisano wonse. Yabuluu icenjeza kuti wothamanga koposa ali m'mbuyo, yoyera kuti kutsogolo kuli galimoto yoyenda pang'ono, ndipo ya mizere yacikasu ndi yofiira kuti pansi pali poterera, kapena ndi mafuta. Yakuda, yoonetsedwa pamodzi ndi nambala ya galimoto, ndiyo samani ya pa bwalo: mwini nambalayo atuluke akayankhe mlandu.

Malamulo awa analembedwa ndi mwazi. Pa 5 March 1977, pa mpikisano wa Grand Prix ku Kyalami, galimoto ya Renzo Zorzi inaima m'mbali ikuyaka. Anyamata awiri oyang'anira bwalo anathamanga kudutsa mseu kuti akazime moto, ndipo mmodzi wa iwo, wa zaka 19, anagundidwa ndi galimoto ya Tom Pryce wa ku Wales imene inali kuthamanga makilomita ngati 270 pa ora. Cozimira moto cimene mnyamatayo ananyamula cinamenya Pryce m'mutu, ndipo onse awiri anafera pomwepo. Ndi cifukwa ca zotere kuti lero galimoto iri yonse iyesedwa ndi oyang'anira isanalowe m'bwalo. Aona zitsulo zochinga woyendetsa ikagubuduzika, malamba a pa mapewa ndi m'ciuno, cozimira moto, ndi cozimitsira magetsi. Aonanso cisoti ndi cobvala cosagwira moto msanga. Munthu wa ku mgodi, amene satsika pansi wopanda cisoti ndi nyali, sacedwa kumvetsa mwambo umenewu.

KHOMO LA NDALAMA

Cobvuta ceni ceni si mayeso ai, koma thumba. Ciphaso ndico cochipa pa zonse. Pambuyo pace pabwera galimoto, ngolo yoinyamulira, matayala amene atha m'masiku owerengeka, petulo, ndalama yolowera mpikisano uli wonse, ndi zitsulo zokonzera zimene zaphwanyika. Ku Rustenburg nkhani ya ndalama siiseweredwa. Pa 16 August 2012 anchito 34 anaomberedwa ndi apolisi ku Marikana pa sitalaka imene anali kufuna malipiro a R12,500 pa mwezi, ndipo m'caka ca 2014 migodi ya platinum inaima miyezi 5. Mwana wa m'nyumba zotere akanena za mpikisano wa magalimoto, makolo amuyesa wolota usana. Ena amalowera khomo la kumbali, kuyamba monga okupiza mbendera kapena othandiza amakanika, ndi kuphunzira bwalo asanagule kanthu.

Kwa zaka zambiri khomolo linali lotsekedwanso ndi tsankho. Pamene Jody Scheckter wa ku East London anakhala katswiri wa dziko lonse m'caka ca 1979 pa galimoto ya Ferrari, masewerawa anali a Azungu. Zinthu zinayamba kusintha ufulu wa 1994 utabwera. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunatsegulidwa sukulu ya Isondo yophunzitsa anyamata acikuda, ndipo mwa amene anadzera m'menemo munali Tschops Sipuka, amene anadzapambana mipikisano ya magalimoto a Volkswagen Polo, ndi Gugu Zulu, amene anachuka pa bwalo, m'miseu ya fumbi ndi pa wailesi ya kanema. Bambo Zulu sanafere pa galimoto. Anamwalira pa 18 July 2016, ali ndi zaka 38, atadwala pokwera phiri la Kilimanjaro pa ulendo wosonkhetsa thandizo la atsikana a sukulu.

Bwalo la Kyalami nalo linatsala pang'ono kutayika, kufikira pamene Toby Venter, mkuru wa Porsche m'dzikolo, analigula pa okushoni m'caka ca 2014 pa mtengo wa R205 miliyoni nalikonzanso. Mpikisano wa Formula One unacitika komaliza pamenepo m'caka ca 1993, ndipo anapambana ndi Alain Prost wa ku France. Koma wa ciphaso catsopano sayambira pa zazikuru zotere. Ayambira pa mpikisano wa kalabu wa tsiku Loweruka, pa galimoto yakale ya Polo kapena Golf imene waikonza ndi anzace usiku ataweruka. Amadzuka kusanace kuti akafike nthawi yoyesa magalimoto, amvera malangizo a mkuru wa bwalo pamodzi ndi anzace onse, ndipo kawirikawiri aima m'mizere ya kumbuyo, cifukwa malo oyambira agawidwa monga mwa nthawi imene munthu anazungulira bwalo poyeserera m'mawa.