Osoka zigamba a ku Kabwe

Pansi pa makina a telala aliyense pamakhala mulu wa tizidutswa ta nsalu. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, kaya ndi pa Green Market kaya pakhonde la sitolo ku Bwacha kapena ku Katondo, telala akadula diresi la chitenje pamatsala timizere ndi timakona timene sitingakwane ngakhale thumba la malaya. Ena amangosesa n'kutentha. Koma alipo amayi amene amatola zotsalazo, mwina popempha, mwina pogula motchipa, ndipo ntchito yawo imayambira pamene ya telala yathera. Amalumikiza zigambazo n'kupanga nsalu zoyala pabedi, zofunda za ana, zikwama ndi zovindikira mapilo.

Tauni imeneyi nsalu imaidziwa. Kufikira mu 1966 inkatchedwa Broken Hill, ndipo inakula chifukwa cha njanji ndi mgodi wa mtovu ndi zinki. Mgodiwo utatsekedwa mu 1994, makomo ambiri ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu anayamba kudya za m'manja mwa amayi. Panalinso fakitale ya Mulungushi Textiles, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kuyamba ntchito mu 1982. Inkawomba nsalu kuchokera ku thonje la alimi a m'dziko momwemo. Mu 1997 inakhala kampani ya mayiko awiriwa, koma mu 2007 makina ake anaima. Apo n'kuti salaula, amene ku Malawi timati kaunjika, atadzaza kale misika kuyambira pamene boma linamasula malonda 1991 itadutsa. Kaunjikayo anapha msika wa matelala ambiri, ngakhale kuti wosoka zigamba amapezamo mabulangeti akale ndi nsalu zoyala zimene amaika m'kati ndi kunsi kwa chofunda chake.

Ntchitoyi munthu angathe kuigwira yekha, koma imayenda bwino pagulu. Amayi a mumpingo, monga a Dorika ku Seventh-day Adventist, kusoka ndi mwambo wawo wakale. Ena amakumana chifukwa ali pa chilimba chimodzi, kusonkherana ndalama mosinthana. Pa nsalu yaikulu amagawana ntchito. Wina amachapa zidutswa, chifukwa chitenje chatsopano chimasuluka mtundu ndiponso chimachepa chikalowa m'madzi koyamba, ndipo ukachisoka chosachapa msoko umadzakwinyika m'manja mwa wogula. Wina amasita ndi nsimbi ya makala. Amene ali ndi diso labwino ndi dzanja losanjenjemera ndiye amagwira sizasi, akutsata kachidutswa ka katoni kamene gulu lonse lagwirizana kuti ndiwo muyeso. Kenako aliyense amatenga zigamba zake kukasokera kunyumba, adzabwere nazo tsiku lokumana zitalumikizidwa m'zigawo za makona anayi.

Apa ndi pamene luso lenileni lili, ndipo ndi pamene wogula saonapo kanthu. Tiyerekeze nsalu ya mamita 2 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, yopangidwa ndi zigawo za masentimita 25. Zigawozo zikhala 64, ndipo ngati chilichonse chili ndi zigamba 9, ndiye kuti zigamba zonse ndi 576. Chigamba chilichonse chimadulidwa ndi kansalu kapadera m'mbali koti msoko udye. Mayi mmodzi akamadyetsa msoko mopitirira pang'ono, chigawo chake chimachepa ndi theka la sentimita. Ndi maso sungaone. Koma zigawo zake 8 zikandandalikidwa mzere umodzi, mzerewo umaperewera masentimita 4, makona sakumana, ndipo nsalu yonse imapotoka. Mankhwala ake ndi amodzi: kumasula msoko ndi lezala, ulusi umodziumodzi. N'chifukwa chake mtsogoleri wa gulu amayeza chigawo chilichonse asanachilandire, ndipo amatha kuuza mnzake wamkulu msinkhu kuti, "Amayi, ichi mukamasule, chachepa." Mawu otere sapepuka kuwanena kwa munthu amene umakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Gulu limene silingawanene silikhalitsa pa ntchitoyi.

Tsiku losanja ndilo losangalatsa. Amayala mphasa, zigawo zonse n'kuziika pansi, wina n'kukwera pampando kuti aone bwino. Chitenje ndi nsalu yolongolola: zofiira ziwiri zikayandikana zimakangana, maluwa aakulu amameza aang'ono. Ndiye amasuntha, amatembenuza, amatsutsana. Kawirikawiri amalekanitsa zigawozo ndi timizere ta nsalu yamtundu umodzi, yakuda kapena yoyera, kuti diso lipezeko popumira. Ine ndimaona kuti pamenepa amayiwa amachita zimene wojambula zithunzi amachita ndi utoto, kungoti palibe amene amawatcha akatswiri a zaluso. Ku Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama ku America, amayi akuda ankasoka zofunda kuchokera ku zovala zakutha za kumunda, ndipo mu 2002 zofunda zawo zinapachikidwa m'nyumba yosonyezera zaluso ku Houston, anthu n'kumazizwa nazo. Zina mwa zimene zimasokedwa ku Zambia sizichepa pamenepo.

Amayi a ku Kabwe aja akagwirizana, amalumikiza mizere, amaika bulangeti m'kati ndi nsalu kunsi, amasoka zonse zitatu pamodzi kuti zisamayendeyende, kenako amapendera m'mbali. Makina opalasa ndi miyendo, a Singer kapena a Butterfly, akadali pa ulemu wake. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali tsiku lililonse, ndipo amene anapitiriza kusoka ndi amene sanataye makina a agogo awo.

Chondiwawa ndi mtengo. Malonda amatentha m'miyezi ya June ndi July pamene kuzizira kwa ku Kabwe kumalowa m'mafupa, komanso pa nthawi ya maukwati, anthu akamafuna mphatso ya mkwatibwi. Komabe wogula amagwira nsaluyo n'kunena kuti, "Si nsanza izi? Bwanji mukudulitsa?" Amaiyerekeza ndi bulangeti la m'sitolo lochokera kunja, lotuluka m'makina m'mphindi zochepa. Ndipo amayi ambiri amagonja, chifukwa powerengera mtengo amaphatikiza ulusi, makala, bulangeti la m'kati ndi nsalu yakunsi, koma masiku amene anakhala atawerama pa makina sawaikamo. Ndalama ikagawidwa pakati pa anthu onse amene anagwirapo, wina amapita kunyumba ndi yongokwana ndiwo za masiku awiri. Magulu amene amasamala amalemba m'kope kuti uje wabweretsa zigawo zingati, ndipo amagwirizana mtengo nsalu isanatuluke pakhomo, kuti wopita nayo kumsika asakautsitse yekha wogula akamuumiriza.